Msewu wa ku Ntcheu Umene Tsidya Lake Ndi Dziko Lina

Basi ikanyamuka pa Dedza kulowera ku Ntcheu, okwera ambiri amakhala akusinza, ena akuwerengera ndalama zoti akagulire tomato pa Lizulu. Ndi owerengeka okha amene amazindikira kuti kwa mtunda wautali ndithu, munthu amene wakhala pawindo la kudzanja lamanja amakhala akuyang'ana dziko la eni. Minda ya kabichi imene akuionayo, mbuzi zomangidwa pachitsa, ana amene akubayibitsa galimoto m'mbali mwa msewu, zonsezo ndi za ku Mozambique. Palibe mpanda wa waya, palibe mtsinje, palibe msilikali. Msewu wa M1 womwewo ndiwo ukutsata malire.

Pa Lizulu ndiye nkhani imakoma. Mayi akhoza kugula anyezi ku Malawi, kudikira lole idutse, kuwoloka msewu n'kukagula sopo ku Mozambique, mwana ali kumbuyo osadzuka n'komwe. Pa mapepala a boma, mayiyo watuluka m'dziko n'kulowanso. Kwa iye mwini, wangopita pamsika. M'matumba mwa ogulitsa mumakhala kwacha ndi metikali yemwe, ndipo foni ya m'manja nthawi zina imakoka netiweki ya kutsidya mwiniwake asakudziwa. Amene ali pa ulendo wautali, wa ku Ulongwe kapena ku Tete, ndiwo amadzera pachipata cha Biriwiri kukadinditsa pasipoti. Ngakhale dzina loti Tsangano lili pawiri. Kuli Tsangano ya m'boma la Ntcheu, kulinso boma la Tsangano m'chigawo cha Tete ku Mozambique, ndipo anthu a mbali zonse ziwiri amapatsana moni m'chinenero chimodzi.

Malire olembedwa ndi mvula

Mukafunsa kuti anasankha malo amenewa ndani, yankho loona ndi lakuti mvula. Pangano logawana dera lino pakati pa Britain ndi Portugal linasainidwa mumzinda wa Lisbon pa 11 Juni 1891. Ogawanawo sankadziwa mayina a midzi yathu, sankadziwanso kuti manda a banja lakuti ali kuti ndipo dimba lake lili kuti. Choncho anagwirizana chinthu chimene akanatha kuchilemba ali kutali: malire adzatsata msana wa mtunda pamene madzi amagawikana. Kumene madzi a mvula akutsetserekera ku nyanja ya Malawi ndi ku Shire, kukhale kwa Angerezi. Kumene akutsetserekera ku Zambezi, kukhale kwa Apwitikizi. Pambuyo pake kunabwera oyeza malo kudzaimika zipilala potsata lamulo limeneli.

Taganizani madontho awiri a mvula imodzi ya mu Januwale akugwa pamsana wa mtundawu, motalikirana mapazi owerengeka. Loyamba latsetserekera kummawa. Litha kulowa mu Livulezi n'kukathera m'nyanja, kapena ngati lagwa chakummwera, m'mapiri a Kirk Range, lilowa mu Rivirivi n'kupita ku Shire. Likafika mu Shire lidutsa pa Nkula, pa Tedzani ndi pa Kapichira, n'kuthandiza kupukusa makina amene amayatsa magetsi m'nyumba zathu. Lachiwiri latsetserekera kumadzulo, lalowa m'timitsinje totsikira ku Revúbuè, mtsinje umene umathira mu Zambezi pafupi ndi mzinda wa Tete. Limeneli magetsi silipanga, chifukwa damu lalikulu la Cahora Bassa lili kumtunda, lalisiya kumbuyo. Koma paja amati madzi saiwala khwawa. Shire nayenso amathira mu Zambezi atadutsa Nsanje, ndiye madontho awiri aja, amene pangano la 1891 linawapatsa mayiko osiyana, amakakumananso mumtsinje umodzi asanafike kunyanja ya mchere.

Nanga msewu unapezeka bwanji pomwepo? Omanga misewu nawonso amakonda msana wa mtunda. Pamenepo mitsinje imakhala isanakule, ndiye safunika kumanga milatho yambiri, ndipo dzinja likafika msewu sukhala m'thope. Wolemba malire ndi womanga msewu, aliyense ndi chifukwa chake, anasankha mzere umodzi.

Mkangano umene unabala panganoli unasiyanso chinthu china kutali kwambiri ndi kuno. Mu Januwale 1890 boma la Britain linalamula Apwitikizi kuti achotse asilikali awo m'dera la Shire, apo ayi kukhala nkhondo. Mfumu ya Portugal ndi nduna zake anagonja, ndipo anthu a ku Lisbon anapsa mtima kwambiri. Mkwiyo umenewo unabala nyimbo yotchedwa A Portuguesa, imene mu 1911 inasanduka nyimbo ya fuko lawo. Ndiye mukaona Cristiano Ronaldo ndi anzake ataima pamzere akuimba mpira usanayambe, dziwani kuti akuimba nyimbo imene inabadwa chifukwa cholimbirana dziko lathu lino.

Malamulo nawo amasintha mukangowoloka phula. Kuyambira 1973 mpaka nthawi imene dziko linkalowa m'ndale za zipani zambiri, ku Malawi kunali lamulo loletsa amayi kuvala buluku kapena siketi yosafika m'mawondo, ndipo amuna sankaloledwa kusunga tsitsi lalitali. Alendo ena ankametedwa pofika m'dziko muno. Lamulo limeneli linkathera pamalire. Mayi wovala buluku akanatha kuima kutsidya kwa msewu pa Lizulu wopanda mlandu, koma akanangoponda mbali ino, wapalamula. Achinyamata a lero mukawauza zimenezi amayesa nthano. Pali lamulo limodzi lokha limene mwamwayi silisintha, la mbali yoyendetsera galimoto. Ku Portugal anasiya kuyenda kumanzere mu 1928, ndipo ku Angola, dziko linanso limene ankalilamulira, amayenda kumanja. Mozambique inatsalira kumanzere chifukwa mayiko onse oizungulira amayenda kumanzere. Zikanapanda kutero, madalaivala a pa Biriwiri bwenzi akuona zakuda.

Za pamsika

Boma la Ntcheu, limene pa kalembera wa 2018 linali ndi anthu pafupifupi 660,000, limatchuka ndi kachewere, tomato ndi kabichi za kumtunda kozizira kwa Tsangano ndi Lizulu. Koma pa mbewu zimene zimaunjikidwa m'mabeseni m'mbali mwa msewu, ndi zochepa zimene kwawo ndi kuno. Kachewere, amene azungu amamutchula ndi dzina la dziko la Ireland, kwawo kwenikweni ndi kumapiri a Andes, ku Peru ndi Bolivia. Tomato ndi tsabola anachokeranso ku America. Chimanga chimene timati ndicho moyo chinayambira ku Mexico, chinangwa ku Brazil. Zambiri mwa mbewu zimenezi zinafika mu Africa pa zombo za Apwitikizi, ndipo chinenero chathu chinasunga umboni wa malonda akalewo. Mbatata ndi batata wa Chipwitikizi. Nsapato ndi sapato, kalata ndi carta, chipewa ndi chapéu, kapitawo ndi capitão. Agogo amene sanapondepo m'kalasi amalankhula Chipwitikizi pang'ono tsiku lililonse osadziwa.

China chimene ambiri sadziwa n'chakuti kachewere, tomato, tsabola ndi mabiringanya ndi a banja limodzi ndi fodya. Mukayang'anitsitsa maluwa ake muona kufanana. Zomera za m'banja limeneli zimapanga poizoni wodzitetezera ku tizilombo. Mu fodya poizoniyo ndi nikotini. Mu kachewere ndi wina wotchedwa solanine, amene amachuluka kachewereyo akakhalitsa padzuwa n'kuyamba kubiriwira khungu, kapena akayamba kuphuka. Kuphika sikumuchotsa. Munthu akadya wambiri amamva nseru, kupweteka m'mimba ndi kutsekula, ndipo ana ndiwo amavutika msanga chifukwa matupi awo ndi ang'ono. Ndiye mukagula chidebe chonse pa Tsangano chifukwa mtengo wakomera, kasungeni pamalo a mdima ndi popita mphepo. Pobiriwira ndi pophuka muzisenda mozama, ndipo amene wabiriwira thupi lonse kapena akuwawa pakamwa, ndi wotaya.

Mfumu ya pa K50

Malire a 1891 sanagawe madzi okha. Anadula pakati ufumu wa Angoni a kwa Maseko. Anthu amenewa anachoka kummwera kwa Africa m'nthawi ya nkhondo za Shaka, anawoloka Zambezi, anayenda mpaka ku Songea m'dziko limene lero ndi Tanzania, kenako anabwerera n'kudzakhazikika mozungulira phiri la Domwe. Phiri limenelo lero lili ku Mozambique, m'boma limene Apwitikizi analitcha Angónia, kutanthauza dziko la Angoni. Likulu la Inkosi ya Makosi Gomani lili pa Lizulu, mbali ya Malawi. Banja limodzi linagona lili mu ufumu umodzi, n'kudzuka ena akukhoma msonkho kwa Mngerezi, ena kwa Mpwitikizi. N'chifukwa chake mwambo wa Umhlangano ukamachitika kwa Nkolimbo, ovina ngoma ena amachokera kutsidya kwa malire, ndipo palibe amene amawayesa alendo.

Gomani woyamba, mwana wa Chikuse, sanagonjere atsamunda. Anawomberedwa ndi asilikali a boma la Angerezi mu 1896, patangopita zaka zisanu pangano la ku Lisbon litasainidwa. Koma nkhani imene ndikufuna tiikhalire pansi ndi ya mwana wake, Philip Zitonga Maseko, Gomani wachiwiri. Nkhope yake mwina ili m'thumba mwanu panopa. Ndi amene ali pa ndalama ya pepala ya K50, ija masiku ano timaipinda mosasamala chifukwa sigula kanthu kooneka.

M'zaka za m'ma 1940 ndi 1950, boma la atsamunda linkakakamiza anthu kutsata malamulo a ulimi amene ankangotchedwa kuti malimidwe. Kale anthu ambiri ankabzala pa matutu, timilu ta dothi tounjika apa ndi apo. Boma linalamula kuti aliyense azilima mizere yopingasa kutsetsereka kwa munda, azikumba migula, azizula mapesi ndi zitsa za mbewu zina pa nthawi yoikika, ndipo asamalime m'mphepete mwa mitsinje. Wolephera ankalipitsidwa chindapusa, ena ankalowa ndende. Inde, m'dziko muno munthu anagonapo m'chitokosi chifukwa cha kaunjikidwe ka dothi m'munda mwake momwe. Cholinga chake sichinali choipa, poti nthaka ya m'mapiri ngati a Ntcheu imakokoloka msanga. Chimene chinaipa ndi kachitidwe kake: akapitawo oyenda ndi zingwe zoyezera, makhoti, ndi chipongwe chochitira munthu wamkulu pamaso pa ana ake.

Gomani wachiwiri poyamba ankadziwika ngati mfumu yolimbikitsa ulimi wosamala nthaka m'dera lake. Koma mu 1953, pamene Angerezi ankakakamiza chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chimene anthu akuda ankachikana, mfumuyi inauza anthu ake kuti aleke kumvera malamulo a malimidwe. Sikuti inadana ndi mizere. Inaona kuti pamenepa ndi pamene munthu wamba, wopanda mfuti ndi wopanda voti, angakanire boma ndi khasu lake. Boma linaiimitsa pa ufumu n'kulamula kuti ichoke m'boma la Ntcheu. Apolisi atabwera pa Lizulu kudzaitenga, anthu anatchinga, panabuka chipwirikiti, ndipo mfumuyo, imene inali ikudwala kale, inathawitsidwa. Inathawira kuti? Kutsidya kwa msewu, m'dziko la Apwitikizi, pamodzi ndi wansembe wa mpingo wa Anglican, Michael Scott, amene ankathandiza anthu akuda kukana chitaganya. Apwitikizi anawagwira n'kuwabweza. Scott anapitikitsidwa m'dziko muno, ndipo Gomani sanaloledwenso kubwerera kwawo ali moyo. Anamwalira mu 1954 ku chipatala cha Malamulo ku Thyolo.

Chotsatira chake n'choseketsa pang'ono. Mizere imene anthu ankamangidwa nayo ija lero ndiyo ulimi wa makolo m'maso mwa aliyense, ndipo mlimi wa kwa Njolomole kapena kwa Kwataine mukamuuza kuti abzale popanda mizere angakuyeseni waulesi. Pamene anthu azolowera chonchi, alangizi ena abweranso ndi ulimi wa mtayakhasu, wophimbira nthaka ndi mapesi osagalauza, osaunda mizere. Kusiyana kwake n'kwakuti lero amachita kukunyengererani pamunda wachitsanzo, sabwera ndi unyolo.

Mbali imene Gomani anathawirako inadzakhala yothawako anthu patapita zaka 30. Nkhondo ya pachiweniweni ya pakati pa Frelimo ndi Renamo itafika poipa cha m'ma 1986, midzi yathunthu ya ku Angónia ndi Tsangano inawoloka msewu kubwera mbali ino. Malawi, amene pa kalembera wa 1987 anali ndi anthu pafupifupi 8 miliyoni, anafika posunga othawa nkhondo oposa 1 miliyoni, ndipo Ntcheu linali limodzi mwa maboma amene analandira ambiri. Kuno ambiri sanakhale m'misasa yotchingidwa. Anamanga m'midzi, pakati pa anthu a mfunda wawo, ena akuona ndi maso minda yawo kutsidya koma osatha kukalima. Mitengo yambiri ya m'mapiri inatha nthawi imeneyo chifukwa cha nkhuni ndi milimo. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu anayamba kubwerera, koma kwa zaka zambiri apaulendo ankaonabe mabwinja a masitolo obooka ndi zipolopolo mbali ya kumadzulo kwa msewu.

Nkhondo inasiya mabomba okwirira m'minda, m'njira ndi pansi pa nsanja za magetsi m'madera ambiri a Mozambique. Pa amene anathandiza kuwafufuza panali wantchito wina amene mlimi aliyense wa ku Ntcheu amamudziwa ngati mbala ya m'munda: bwampini. Bungwe la APOPO, lochokera ku Belgium, limaphunzitsa makoswe akuluakulu amenewa ku Morogoro m'dziko la Tanzania kuti azinunkhiza onga wa bomba. Bwampini amamva fungo patali, koma ndi wopepuka moti akaponda bomba siliphulika. Akapeza, amakanda pansi, ndipo malipiro ake ndi kachidutswa ka nthochi kapena mtedza. Mozambique inalengeza mu 2015 kuti yamaliza kuchotsa mabomba onse amene ankadziwika malo ake. Abwampini ena anaphunzitsidwanso ntchito ya chipatala. Ku Maputo ankanunkhiza makhololo a odwala n'kuloza amene ali ndi chifuwa chachikulu cha TB, kuphatikizapo ena amene makina oonera tizilombo anawaphonya, ndipo akatswiri ankayezanso kuti atsimikize.

Kachilombo kopanda pasipoti

Pali mlendo wina amene malirewa samuona n'komwe. Mu Febuluwale 2022 boma la Malawi linalengeza kuti mwana wa zaka zitatu wa ku Lilongwe wapuwala ndi poliyo ya mtundu wa kutchire, koyamba m'dziko muno m'zaka 30. Apa n'kuti pasanathe zaka ziwiri chilengezereni kuti Africa yense wathana nayo poliyo imeneyi. Akatswiri ataunika kachilomboko anapeza kuti kanali ka mtundu umene unkazungulira ku Pakistan. Mmene kanayendera ulendo wonsewo n'chimodzimodzi mmene kamayendera pakati pa nyumba ndi nyumba: m'mimba mwa munthu amene akuoneka wabwinobwino. Mu Meyi chaka chomwecho mwana wina anapezeka nayo m'chigawo cha Tete, chomwechi chimene chimayambira kutsidya kwa msewu wa pa Lizulu. Onse pamodzi, ana amene anapuwala anali 9, mmodzi ku Malawi ndi 8 ku Mozambique.

Chiwerengero chimenechi chisakupusitseni kuti n'chochepa. Mwa anthu pafupifupi 200 amene atenga kachilomboka, mmodzi yekha ndiye amapuwala. Enawo sadziwa n'komwe kuti ali nako, koma amakafalitsa kudzera m'chimbudzi, m'manja osasamba ndi m'madzi akumwa. Ana 9 opuwala akutanthauza mazana ambiri a anthu amene ankayenda nako m'misika, m'maliro ndi m'maukwati. Poliyo ilibe mankhwala ochiza. Mwendo ukafooka wafooka, chimene achipatala angachite n'kuthandiza mwanayo ndi mafizo ndi ndodo zoyendera. Pamalo ngati Ntcheu, pamene mwana amabadwira mbali ino, n'kukayamwira kwa agogo ake mbali inayo, dziko limodzi likatemera ana ake lokha ndiye kuti latseka chitseko n'kusiya windo. N'chifukwa chake katemera wa khomo ndi khomo amene anayamba mu Marichi 2022 anachitika mogwirizana m'mayiko a Malawi, Mozambique, Tanzania, Zambia, kenako ndi Zimbabwe. Mwana aliyense wolandira madontho awiri m'kamwa ankapakidwa inki pa kachala kakang'ono, chizindikiro chimene mlangizi wa zaumoyo wa mbali iliyonse ya msewu amachiwerenga popanda womasulira.

Mu Meyi 2024 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalengeza kuti mliriwo watha m'mayiko awiriwa. Katemera wa nthawi zonse ndiye akupitirira kusikelo. Ku Malawi mwana amalandira madontho a poliyo akangobadwa, kenako pa masabata 6, 10 ndi 14, ndipo pa masabata 14 amabayidwanso jakisoni wa poliyo yemweyo. Banja limene limakhala mbali zonse ziwiri lizinyamula buku la kusikelo la mwana powoloka, ngakhale litalembedwa m'Chipwitikizi. Madeti ndi mayina a katemera anamwino amawazindikira, ndipo amapitiriza pomwe anzawo a kutsidya analekezera.